Otter Trail mu Epulo, madzi adzaphwera 7:40 m'mawa, Bloukrans tiwoloka bwanji?

Tiyamike
Moni nonse a pa gulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Tinabukitsa malo pa Otter Trail, njira yoyenda wapansi m'mbali mwa nyanja, chaka chatha, tadikira miyezi 11 yathunthu ndie tsopano nthawi yayandikira, tikunyamuka mu Epulo. Tilipo anthu 6, ine, amuna anga, alamu anga ndi anzathu atatu. Dzulo ndimaona tebulo ya matayidi, yoonetsa nthawi zomwe madzi a m'nyanja amadzala ndi kuphwa, ndapeza kuti tsiku lachinayi, lomwe timawoloka mtsinje wa Bloukrans, madzi adzaphwera 7:40 m'mawa kenako adzaphweranso cha m'ma 8 usiku. Kuchoka pa Oakhurst, pomwe tidzagone usiku wachitatu, kukafika pa mtsinjewo akuti ndi makilomita 10. Ndie kuti tidzadzuke pakati pa usiku? Alamu anga akuti ayi, tidzanyamuke kukacha tikafike cha m'ma 11, madzi akachuluka tidzangosambira poti tonse timatha. Ine mtima wanga sukuvomera koma ndilibe mfundo zowayankhira, sindinayendepo m'mbali mwa nyanja yamchere. Amene munapitako pliz ndithandizeni.

Bambo a Dalitso
Achemwali, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Ine njira imeneyi ndayenda kawiri. Auzeni alamu anuwo kuti 11 koloko ayiiwale. Dzukani 2 koloko, 2:30 mukhale muli panjira ndi matochi a pamutu. Makilomita 10 amenewo si a mu msewu, ndi kukwera kutsika, mizu, miyala yoterera, masana timayenda maola 4 kapena kupitirirapo ndie usiku onjezani ola lina. Ndi bwino mukafike cha m'ma 7:30 mukhale pansi muziwaona madzi akutsika kusiyana ndi kufika akubwerera.

Gift
Pepani akuluakulu ine ndine watsopano, Otter Trail yo ili kuti? Ndipo mumagona m'matenti?

Bambo a Dalitso
Ili ku South Africa achimwene, ku Tsitsikamma, mbali ina ya Garden Route National Park. Imayambira pa Storms River Mouth kukathera ku Nature's Valley, masiku 5 usiku 4, mtunda wake ndi makilomita oposa 40, yonse m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean. Inatsegulidwa mu 1968. Matenti simunyamula, pali tinyumba tamatabwa pamalo anayi, Ngubu, Scott, Oakhurst ndi Andre, malo aliwonse tinyumba tiwiri ta anthu 6. Nchifukwa chake tsiku lililonse amalola anthu 12 okha kuyamba ulendo ndipo malo amavuta kupeza. Njira yake amaika chizindikiro cha mapazi a katumbu a penti yachikasu pamiyala ndi pamitengo, dzina la njirayo likuchokera pa katumbu amene amakhala m'mitsinje ya kumeneko. Ofuna tenti amamanga pa kampu ya Storms River Mouth kapena ya De Vasselot ku Nature's Valley.

Aticha Mbewe
Ndiloleni ndifotokoze pang'ono za madziwa chifukwa ndikuona kuti alamu a achemwali Tiyamike akuganiza ngati pa mtsinje wamba kapena nyanja yopanda mchere, komwe madzi amene wawaona m'mawa ndi omwewo uwapeza masana. Nyanja yamchere imadzala ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, amakoka madziwo ndi mwezi, dzuwa limathandizirako. Kuchoka pomwe aphwera kufika pomwe adzadza ndi maola 6 ndi mphindi pang'ono. Koma chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti sakwera mofanana ayi. Gawani madzi onsewo pa magawo 12. Ola loyamba likubwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatunso, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Ndie werengani nokha, 7:40 kufika 11 koloko ndi maola atatu ndi mphindi 20, ndiye kuti theka la madzi labwerera kale ndipo mukulowa m'madzi nthawi imene akukwera mothamanga kuposa nthawi ina iliyonse. Gombe la kumeneko mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano kusiyana kwa madzi kumayandikira mamita awiri. Pomwe munayenera kuyenda madzi akulekeza m'chiuno mukhala mukusambira, chikwama chili m'manja, mafunde akulowa mu mtsinje kukukankhirani ku matanthwe.

Yamikani
Ine ndisaname, zimenezi mukuzikulitsa pang'ono. Ife tinawoloka patadutsa maola awiri ndi theka madzi ataphwa, tinasambira ndipo tonse tili moyo. Anthu ambiri amasambira pa Bloukrans, si zachilendo. Ngati gulu lonse ndi la anthu olimba palibe chifukwa choyendera usiku, usiku uli ndi zoopsa zakenso, ukhoza kuterereka pa thanthwe kuthyoka mwendo.

Nangozo
Achimwene Yamikani tandiuzeni bwinobwino, munawoloka ndi katundu wanu yense?

Yamikani
Ayi zoona, chikwama cha mnzathu chinapita. Pulasitiki yomwe anakulungira inabooka pamwala, madzi analowa chinalemera ndie funde litabwera anachisiya kuti agwire thanthwe ndi manja onse. Munali sleeping bag, foni ndi makiyi a galimoto. Iyeyo anachekeka m'manja ndi m'mawondo ndi tizigoba takuthwa tija timamera pamiyala. Usiku umenewo tinamubwereka zovala. Koma mfundo yanga ndi yoti zimatheka.

Nangozo
Ndie mwaona, munthuyo anasankha pakati pa chikwama ndi moyo wake. Ine sindikukutsutsani kuti zimatheka, koma achemwaliwa akutenga anthu 6 ndipo mmodzi yekha akachita mantha pakati pa mtsinje nkhani yonse yasintha. Ndikuuzeni zanga. Ife tinafika nthawi yake ndithu, mphindi 20 madzi asanaphwe, tinadzuka 3 koloko tinachita zonse molondola. Koma kumapiri kunagwa mvula masiku awiri otsatizana ndie mtsinje unadza, madzi ake akuthamanga ngati akuthamangitsidwa, kunyanja nakonso mafunde akuluakulu akulowa mpaka mkati. Tinakhala pamwala pafupifupi ola tikungoyang'ana. Mnyamata wina pagulu pathu anavula malaya kuti ayesere, mkazi wake anamugwira dzanja akulira. Tinakwera escape route, njira yotulukira pa ulendowu osawoloka, ili pompo musanatsikire ku mtsinje, ndi chitunda choimirira ndipo munthu umakwera utatopa kale, pamwamba tinaimbira ma ranger, alonda a pakiyo, anabwera kudzatitenga. Ndinalira panjira yonse chifukwa ndinali nditadikira chaka chathunthu ndipo Bloukrans ndi imene aliyense amakufunsa ukabwerako. Koma lero ndikakumbukira mkokomo wa madzi aja ndimadziwa kuti tikanalowa wina sakanabwerera. Ndie chimene ndikufuna mumve achemwali, tebulo ya matayidi imakuuzani za mwezi basi, siikuuzani za mvula ya kumtunda kapena kukula kwa mafunde. Mukafika muone ndi maso anu.

Tiyamike
Zikomo achemwali Nangozo, ndawerenga mpaka thupi lachita tsembwe. Ndie munthu umadziwa bwanji kuti apa ayi? Ife tonse ndi koyamba, tilibe choyerekezera.

Bambo a Dalitso
Funso labwino limenelo. Choyamba, tsiku loyamba polembetsa pa Storms River ma ranger amakupatsani mapu ndi tebulo ya matayidi, afunseni za mvula ndi mafunde a masiku amenewo ndipo sungani manambala awo m'mafoni awiri atatu osati imodzi. Chachiwiri mukafika pa mtsinje musathamangire kulowa, khalani pansi mphindi 10 kapena 15 muziwerenga mafunde. Amabwera m'magulu, angapo akuluakulu motsatizana kenako kumakhala bata pang'ono, mukayang'ana mphindi ziwiri zokha mukhoza kuona bata lokhalo nkunamizika. Ponyani kamtengo muone liwiro lomwe kakupita nalo kunyanja. Wamtali ndi wodziwa kusambira ayambe yekha wopanda chikwama akaone kuya kwake ndi potulukira tsidya linalo, chifukwa kulowa sikuvuta, chovuta ndi kutuluka, tsidya lija ndi matanthwe ndipo pali pena umakwera ndi manja. Ngati iyeyo wopanda katundu akuvutika kuima, musakambiranenso, kwerani escape route. Ndipo nkhani imeneyi mugwirizane muli kunyumba, osati pagombe pomwe aliyense watopa ndipo amuna ayamba kuchitirana manyazi.

Mai a Pemphero
Apo pa manyazi mwalasa bambo. Azibambo ambiri amalowa m'madzi chifukwa choopa kuoneka amantha pamaso pa anzawo. Mwana wanga Tiyamike, iwe ndi amuna ako mukhale mawu amodzi musananyamuke, alamu akowo akaona kuti awiri mwagwirizana savuta.

Aticha Mbewe
Achemwali, mwaonanso tsiku lachitatu? Aliyense maso ali pa Bloukrans koma tsiku limenelo muli ndi mitsinje iwiri, Elandsbos ndi Lottering, ndipo Lottering ili kumapeto kwenikweni, tinyumba ta Oakhurst mumationa tili tsidya. Matayidi amachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndie ngati lachinayi ndi 7:40 ndiye kuti lachitatu aphwa cha m'ma 6:50 ndipo adzadza cha m'ma 1 koloko masana. Mukanyamuka pa Scott 9 koloko mwakhuta tulo, makilomita 7.7 a tsikulo mukafika pa Lottering madzi atadzadza ndendende.

Tiyamike
Mayo ine, izi sindinaziganize nkomwe. Ndie masiku awiri otsatizana kudzuka usiku?

Bambo a Dalitso
Lachitatu si usiku kwenikweni, nyamukani kukungoyera. Elandsbos mudutsa madzi akadali ochepa, Lottering mukafika cha m'ma 10. Ubwino wake mukhala ndi masana onse opuma pa Oakhurst, muchape, muyanike, muphike msanga, 7 koloko mugone. Zikwama mulongedze madzulo omwewo, m'mawa kungopinda chogonera nkumapita. Lachinayi lonse ndi makilomita 13.8, ndilo lalitali pa onse, ndipo mukawoloka Bloukrans musaganize kuti mwamaliza, kutsogoloko kuli chitunda china chowawa musanatsikire ku Andre.

Yamikani
Chabwino ndavomera za nthawi, koma mfundo yanga ya usiku musaitaye. Tochi ya foni si tochi. Aliyense akhale ndi ya pamutu ndi mabatire apadera, manja onse awiri akhale omasuka. Ndipo mapazi achikasu aja usiku amasowa, makamaka pomwe njira ikudutsa pamiyala. Wakutsogolo akapanda kuona chizindikiro kwa mphindi zingapo aime, mubwerere pomwe munachiona komaliza, osangoti tiyeni tikachipeza kutsogolo. Komanso musatalikirane, wakumbuyo azikhala munthu wamphamvu osati amene watopa kwambiri.

Nangozo
Apa ndie tili limodzi achimwene. Ndionjezere za pulasitiki poti mwanena kuti ya mnzanu inabooka. Gulani ma survival bag okhuthala aja, chikwama chonse chimalowamo, mumasiyamo mpweya nkumanga kukamwa ndi chingwe kapena ma cable tie ndie chimayandama mukuchikankha. Musamachikhwekhwereze pamiyala, chinyamuleni mpaka m'madzi. Koma musadalire imeneyo yokha, mkati mwa chikwama chogonera ndi zovala zouma zikhale m'pulasitiki yakeyake, foni ndi makiyi zikhale pathupi panu m'kathumba kosalowa madzi. Ngati madzi ndi ochepa mukuwoloka chikwama chili kumsana, masulani lamba wa m'chiuno ndi wa pachifuwa kuti mukagwa muchivule msanga. Ndipo chonde musamange munthu chingwe m'chiuno, chikakola pamwala mafunde amamukanikizira pansi. Powoloka valani nsapato zogwira phazi, osati opanda kanthu ndipo osati masilipasi.

Gift
Ndikuphunzira zambiri. Funso lina, poti muli m'mbali mwa nyanja masiku 5, munthu sangatenge mbedza kuti achepetse zakudya zonyamula?

Aticha Mbewe
Ayi achimwene, mukamangidwa. Nyanja ya Tsitsikamma ndi yotetezedwa kuyambira 1964 pomwe pakiyo inakhazikitsidwa, ndi malo akale kwambiri otetezedwa a m'nyanja mu Africa muno. Nsomba zambiri za m'matanthwe amenewo zimakula pang'onopang'ono, zimakhala zaka zambiri ndipo sizisamuka pamalo, ndie mukazigwira zikuluzikulu zimatenga zaka kuti zibwerere. Mu 2016 boma linatsegula zigawo zina kuti anthu a m'midzi yozungulira amene analembetsa aziwedzako, nkhaniyo inavuta, asayansi ambiri anakana pomwe eni dera ankati makolo awo ankawedza kumeneko pakiyo isanabwere. Koma chilolezo chimenecho si cha alendo ngati ife. Ngakhale zigoba ndi maluwa siyani pomwe mwazipeza.

Mai a Pemphero
Ine pa nkhani ya eni derayo ndimawamvetsa. Munthu wabadwira pamenepo, agogo ake ankadya za m'nyanja yomweyo, kenako akuuzidwa kuti usayandikire pomwe alendo ochokera kutali akudutsa ndi zikwama tsiku lililonse. Sindikunena kuti atsegule ponse ayi, nsombazo zikatha ovutika ndi iwo omwe. Koma tikamapita kumalo otere tizikumbukira kuti kukongola tikukuonako ena anakulipirira.

Admin
Nkhani ya usodziyi ndi yofunika, amene akufuna ayiyambitse payokha. Pano tiyeni tithandize achemwali Tiyamike.

Mai a Pemphero
Pepani a admin. Ndibwerere ku za tenti poti a Gift anafunsa. Ine Otter sindingayende, bondo langa silingalole ndipo ana osakwana zaka 12 sawalola, koma tinamanga tenti pa Storms River Mouth masiku atatu ndi ana ndipo sindidzaiwala. Tenti ili pa kapinga, mafunde akumenya matanthwe pafupi pomwepo usiku wonse mpaka pansi kumamveka kunjenjemera, usiku woyamba wamng'ono sanagone koma wachiwiri anagona ngati mwala. Chimene ndikuchenjezeni ndi mphepo. Zikhomo zomwe zimabwera ndi tenti ndi zazifupi, gulani zazitali ndipo zingwe zonse za m'mbali zimangeni ngakhale kuli bata, khomo liyang'ane komwe mphepo ikupita. Tinaona tenti ya anthu ena itagona pansi ndodo zitathyoka iwo atapita kukayenda. Mpweya wa kunyanja ndi wachinyezi ndi wamchere, chilichonse chosiyidwa panja chimadzuka chonyowa ndipo mazipi amachita dzimbiri, mukabwerera kunyumba tsukani tenti ndi madzi abwino muyanike. Masana tinayenda kukafika pa mlatho wolendewera uja wa mamita 77 pamwamba pa Storms River, njira yake ndi yamatabwa ana amatha. Tsiku lina tinayenda Waterfall Trail, amenewo ndi makilomita atatu oyamba a Otter yomweyo kukafika pa mathithi nkubwerera, pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti anzathu oyenda masiku 5 ndi olimba chifukwa kudumpha miyala kwake si masewera.

Gift
Nanga nyama zoopsa kulibe amayi?

Mai a Pemphero
Mikango kulibe mwana wanga. Zovuta ndi anyani ndi apusi, amadziwa kutsegula cooler box ndi zipi ya tenti. Zakudya zonse zizikhala m'galimoto kapena m'kanyumba chitseko chotseka. Ndipo musawapatse kanthu ngakhale ana akupempha kuti ajambule, nyani akazolowera chakudya cha anthu amayamba kulanda ndi ukali ndipo mapeto ake amaphedwa, wolakwa ali amene anamuponyera buledi uja. Mbira nazo zili mbwee pamiyala, zimaoneka zofatsa koma zimaluma. Njoka ziliko, makamaka mphiri, imeneyo siithawa imangogona panjira kuothera dzuwa ndie muziona popondapo. Madzulo muzidzifufuza nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno.

Bambo a Dalitso
Ndi moto. Sonkhani pamalo okhawo anakonza ndipo muuzime ndi madzi mpaka phulusa lizizire, osati kungokwirira. Tchire la fynbos limayaka ngati lathiridwa palafini, amene mukukumbuka moto wa ku Knysna mu June 2017 mukudziwa mmene unawonongera nyumba ndi miyoyo dera lomwelo. Pophika dalirani kasitovu ka gasi, nkhuni zikanyowa ndi mvula musagone ndi njala.

Tiyamike
Zikomo kwambiri nonse. Funso lina, madzi akumwa. Pa zithunzi mitsinje yake ikuoneka yofiirira ngati tiyi, ndi abwino amenewo?

Aticha Mbewe
Mtundu umenewo si litsiro, ndi utoto wochokera ku masamba ndi mizu ya fynbos ndi nkhalango, mofanana ndi mmene masamba a tiyi amasinthira madzi. Koma mtundu suuza munthu ngati muli tizilombo kapena ayi, mitsinje ina imadutsa kaye m'minda ndi m'malo okhala anthu kumtunda. Ndie thirani mapiritsi oyeretsera madzi kapena wiritsani, ndipo tungani kumtunda komwe mchere sufika. Pa tinyumba pali matanki a madzi a mvula, koma kukakhala chilala amatha kuchepa. Aliyense anyamule mabotolo okwana malita awiri.

Nangozo
China chimene anthu amaiwala ndi kuzizira kwa madzi. Gombe limenelo mphepo ya kum'mawa ikaomba masiku angapo madzi ozizira a pansi amakwera pamwamba, kunja kukutentha koma m'madzi ngati mu fuliji. Inu mudzawoloka m'mawa dzuwa lisanalowe m'chigwamo, mutatuluka thukuta usiku wonse ndipo m'mimba muli pang'ono. Thaulo, jekete ndi chovala chouma zikhale pamwamba penipeni pa chikwama, ndipo mukangotuluka wina ayatse sitovu aliyense amwe chotentha. Mukaona mnzanu akunjenjemera kosaleka, akulankhula mosokonekera kapena zala zikukanika kumanga zingwe za nsapato, musamukakamize kuyenda, muvuleni zonyowa mumulowetse mu sleeping bag. Ndipo ku magombe ngati Bloubaai kumakopa kusambira koma kulibe opulumutsa anthu. Madzi akakukokerani mkati musalimbane nawo kubwerera molunjika, yandamani kenako sambirani chammbali motsata gombe mpaka mutuluke mu mkokowo.

Yamikani
Kulemera kwa chikwama nakonso achemwali. Ine ndinanyamula makilogalamu 21 ndipo tsiku lachiwiri pokwera kuchoka pa Ngubu ndinkaima masitepe 20 aliwonse. Anthu amaona 7.9 km ya tsiku limenelo nkumati ndi pafupi, koma njira imatsika kunyanja nkukweranso pamwamba kangapo patsiku. Zitini ndi mabotolo agalasi siyani, gawanani sitovu ndi mapoto osati aliyense zake. Nsapato zatsopano musakayambire kumeneko, yambani kuzivala lero, ndipo masabata atsalawa muzikwera masitepe chikwama chili kumsana. Pulasitala wa matuza muike pomwe payamba kutentha, osadikira kuti thuza lituluke.

Tiyamike
Ndawaonetsa alamu anga zonsezi usiku wathawu, makamaka magawo 12 a aticha ndi nkhani ya chikwama cha anzake a achimwene Yamikani. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anafunsa kuti matochi a pamutu tili nawo angati. Tagwirizana chonchi, lachitatu tinyamuka 6 koloko, lachinayi 2:30. Ikakwana 8:40 tisanalowe m'madzi, kapena munthu mmodzi yekha akati ine ayi, tonse tikwera escape route popanda kukangana ndipo palibe adzanenedwe. Amuna anga alemba zimenezi pa gulu lathu la WhatsApp aliyense wayankha kuti wavomera. Ndidzakuuzani tikabwerako.

Bambo a Dalitso
Mwakonza bwino. Muyende bwino achemwali, Mulungu akutsogolereni.

Tiyamike
Abale tabwerako dzana, miyendo ikadali yotupa koma ndimati ndisachedwe. Tinawoloka tonse 6 ndi zikwama zonse. Tinanyamuka 2:40, panjira tinasochera kamodzi pamiyala, tinachita zomwe ananena achimwene Yamikani kubwerera pa phazi lachikasu lomaliza ndipo tinataya mphindi 15 zokha. Usiku umenewo ndinkaopa kwambiri, nyanja ikungomveka pansi kumanzere osaiona, koma kutayamba kucha tili pamwamba tinaona ma dolphin gulu lalikulu akudutsa kuseri kwa mafunde, tonse tinangoima osalankhula. Pa Bloukrans tinafika 7:15. Tinakhala pansi kuwerenga mafunde, alamu anga omwewo ndi amene anayamba kulowa opanda chikwama, madzi anawalekeza m'chiuno, pakati pake pachifuwa, anabwerera nkudzatiwolotsa awiriawiri. Mnzathu mmodzi wamfupi anasambira pang'ono atagwira pulasitiki yake, atatuluka ankanjenjemera kwambiri ndie tinamuveka jekete ndi kumupatsa chotentha monga munanenera achemwali Nangozo. Titakhala tsidya kusintha zovala ndi kudya mpaka cha m'ma 9:30, pomwe tinadutsa paja panalibenso mchenga, mafunde akulowa mpaka mkati kumenya thanthwe lomwe tinakwerapo. Alamu anga anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Gulu lina la anthu 6 lomwe tinayamba nalo linanyamuka mochedwa, anafika ku Andre madzulo atadzera escape route, otopa koma onse bwinobwino, tinawasungira moto ndi madzi otentha. Katumbu sitinamuone, tinangopeza mapazi ake enieni pamchenga wa Elandsbos m'mawa wa lachitatu ndi zigoba za nkhanu zomwe anadya usiku.

Nangozo
Ndasangalala ngati ndawoloka ndine. Ine ndapeza malo awiri a Okutobala, wina anabweza. Nthawi imeneyo anamgumi amakhala akadali m'mbali mwa gombe. Aticha, ndikutumizirani masiku anga mundionere matayidi a lachitatu ndi lachinayi.

Aticha Mbewe
Tumizani achemwali, mundiuzenso tsiku lomwe mukuyambira pa Storms River kuti ndisasokoneze powerenga.